Makatuni akale amene ndinaikira ana anga pa fulashi

Kholo lililonse limene lili ndi ana aang'ono komanso TV pabalaza limaidziwa njira yopita kwa anyamata obena mumsika. Bandulo ndi yodula, ndiye umangopereka fulashi n'kunena kuti, "Aise, undiikiremo makatuni a ana, koma akale aja, zamakonozi ayi." Akale timawakonda chifukwa timati mulibe kutukwana, mulibe ovula, ndi mphaka kuthamangitsana ndi khoswe basi. Mwana aonere, iwe upume kapena umalize kuchapa.

Kwathu kuli ana awiri. Chisamba changa ndi mnyamata wa sitandade 6, mlongo wake ali sitandade 2. Ineyo makatuni sindinakule nawo. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999 ndili wamkulu kale, ndipo Tom and Jerry ndinkangomuona mwa apo ndi apo ku vidiyo sho, pamene tikudikira kuti anthu adzaze filimu ya karate iyambe. Choncho zimene zili m'kati mwa makatuni a m'ma 1940 ndazidziwa ukulu uno, ndipo wandidziwitsa ndi mwana wanga wamkazi.

Mtsikanayu anatengera agogo ake, khungu lake ndi lakuda bii, losalala. Mchimwene wake ndi woyererapo. Timakhala pamdadada wa nyumba za lendi, ndipo Loweruka ana a pamdadadapo amadzaza pa mkeka wa pabalaza pathu kudzaonera. Tsiku lina mwanayu anabwera kuchokera kosewera ali duu, nsima anangoinyomola kawiri. Amake atamunyengerera m'pamene anaulula kuti anzake ayamba kumutcha "Bomba". Akuti amafanana ndi Tom bomba likamuphulikira kumaso. Wina akakuwa kuti "phuu!", onse amaloza iye n'kugwa nazo nseko. Ana onsewo ndi akuda, ana a Chimalawi, ndipo palibe kholo lililonse pamdadadapo limene linawaphunzitsa zimenezo.

Usiku umenewo ana atagona ndinalumikiza fulashi ija, rimoti ili m'manja. Sindinachedwe kuzipeza. Bomba likuphulika, utsi ukuti balala, ndiye nkhope ya mphaka uja yasanduka yakuda tsiriri, maso oyera ali tong'o, milomo yatupa n'kukhala yotuwa, ndipo nthawi zina pamutu pamera timaluko ta tsitsi tomangidwa ndi timaliboni. Zimangotenga masekondi awiri kapena atatu. Munthu wamkulu amene akuyenda kupita kukhitchini sangazione. Mwana amene wakhala pamkeka maso ali pa TV amaziona, ndipo akabwereza katuni yemweyo Loweruka lililonse zimakhazikika. Utsi wa bomba ukhoza kudetsa nkhope, sindikukana. Koma utsi suluka tsitsi, sumanga maliboni.

Nditafufuza ndinapeza kuti nthabwala imeneyi ndi yakale kuposa makatuniwo. Kuyambira cha m'ma 1830 ku America kunatchuka masewero a pasiteji mmene azungu ankadzidetsa kumaso, n'kudzijambula milomo ikuluikulu, kumavina ndi kuyankhula mopotoza poyerekeza anthu akuda, pa nthawi imene ambiri mwa akudawo anali akapolo. Mmodzi mwa amene anatchukitsa masewerowa, Thomas Rice, ankasewera ngati munthu wotchedwa Jim Crow, ndipo dzina limeneli ndi limene linadzapatsidwa ku malamulo a tsankho amene analekanitsa akuda ndi azungu m'sukulu, m'mabasi ndi m'nyumba zoonetsera mafilimu kumwera kwa dzikolo mpaka m'ma 1960. Ojambula makatuni oyambirira anakula akuonera zimenezi, ndipo anangozisamutsa. Mu katuni wina wa 1933, Mickey's Mellerdrammer, Mickey Mouse weniweniyo amadziphulitsira kabomba kumaso dala kuti ade, akasewere ngati munthu wakuda. Tom and Jerry anayambidwa ndi William Hanna ndi Joseph Barbera ku kampani ya MGM mu 1940, kuno kukadali Nyasaland. Ankajambulira anthu olipira pakhomo la nyumba ya mafilimu ku America wa nthawi imeneyo. Za mwana wa ku Blantyre woonera pamkeka patapita zaka 80 sizinali m'mutu mwawo.

Chimene chinandigwira nthawi yaitali ndi mayi uja wa m'nyumba ya Tom. Aliyense amene waonerapo akumudziwa: miyendo yonenepa, masokosi ogwa, masilipasi, epuloni, tsache m'manja, kukuwa kuti "Thomas!" Manja ake ndi akuda. Nkhope siioneka, chithunzi chimadulira m'mapewa. Anthu amamutcha Mammy Two Shoes, ndipo anaoneka m'makatuni 19 kuyambira 1940 mpaka 1952. Mawu ake anali a Lillian Randolph, mayi wakuda amene ankasewera pa wailesi ndi m'mafilimu. Chithunzi cha mayi wakuda wonenepa, waphokoso, wosachoka kukhitchini chinali chodziwika kale m'mafilimu a ku America, ndipo kwa amayi akuda ambiri osewera mafilimu, ntchito imene inkapezeka inali imeneyo.

Mayi anga anali atabwera kuchokera kumudzi mwezi womwewo kudzaonana ndi dokotala wa maso. Pa utsikana wawo anagwirapo ntchito yolera ana kwa azungu ena mu Blantyre muno. Ndinawaikira katuni mmodzi osanena kanthu, ndimafuna ndimve okha. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mayiyu ndi wolimba," anatero. "Tsache lakelo silikuphonya."

Ataonera wachiwiri anafunsa kuti, "Kodi iwe, TV yakoyi yadula mutu, kapena ndi maso angawa?"

Ndinawauza kuti anamujambula choncho. Anangoti "Hmm," n'kukhala kaye chete. Kenako anandiuza za chithunzi chimene adona awo anawapatsa pochoka. Anajambula mwana amene ankamulera uja tsiku lokumbukira kubadwa kwake, ndipo iwo anamunyamula kuti asagwe pampando. Pachithunzipo panaoneka mwana, keke, ndi manja awo awiri. Sanazinene mokwiya, anazinena ngati mmene amanenera za mtengo wa feteleza. Ndipo sanasiye kumukonda mayi wa m'katuniyo. Iwo anaumirira kuti si wantchito, nyumbayo ndi yake, chifukwa wantchito sangalamule mphaka wa bwana motero. Pamenepa ali ndi mfundo. Mu Saturday Evening Puss wa 1950 mayiyu amatchena, kuvala zibangili, n'kupita kukasewera makadi ndi anzake, ndipo ndi mmenemo mmene nkhope yake imaoneka kamphindi kochepa kwambiri akuthamangira kunyumba.

Eni makatuniwa akhala akuvutika nazo okha. M'ma 1960, pokonzera makatuni a Tom and Jerry kuti azionetsedwa pa TV, ena mwa iwo anamujambulanso mayi uja kukhala mzungu, mawu n'kulowetsa a June Foray. M'ma 1990 anamubwezera khungu lake koma mawu n'kujambulanso ndi Thea Vidale, kuchotsa kayankhulidwe kopotoza kaja. Njira yoyambayo ine siinandisangalatse. Munthu wakuda mmodzi yekhayo amene anali m'nyumbamo anamuchotsa, ntchito ya Lillian Randolph n'kuifufuta, ndiye ati akonza. Kampani ya United Artists mu 1968 inachotsa pa TV makatuni 11 a Warner Bros. amene inaona kuti tsankho lake lafalikira paliponse moti sungadule kagawo n'kutsala ndi kanthu. Disney anadula mu Fantasia ya 1940 kamtsikana kakuda ka thupi la hatchi kamene kankapukuta ziboda za anzake oyera, ndipo kuyambira 1969 sikaonekanso. Kenako makampaniwa anasintha maganizo n'kuyamba kuchenjeza m'malo modula. Ma DVD ena a m'ma 2005 amayamba ndi Whoopi Goldberg, mayi wakuda wotchuka posewera mafilimu, akufotokoza kuti zithunzizi zinali zolakwika kalelo ndipo n'zolakwikabe, koma kuzichotsa kungakhale kunamizira kuti sizinachitike. Disney+ mu 2020 inaika chenjezo lolembedwa kumayambiriro kwa mafilimu monga Dumbo ndi Peter Pan, ndipo chakumayambiriro kwa 2021 inawachotsa pa mbali ya ana aang'ono.

Zonsezo pa fulashi ya mumsika palibe. Mnyamata wobena amakoka chilichonse chimene wapeza, chodula ndi chosadula, popanda Whoopi Goldberg. Sindimuimba mlandu, iyenso sanakhale pansi kuonera mafayilo mazanamazana. Komanso pali china chimene makolo ambiri sadziwa. Ena mwa makatuni 11 aja umwini wake unatha mphamvu, aliyense akhoza kuwakopera, ndiye ndi amene amapezeka msanga m'mitolo yotchipa ya "makatuni akale". Pa fulashi yathu panali awiri otere. All This and Rabbit Stew wa 1941 ndi wa Bugs Bunny akupusitsa mlenje wakuda wojambulidwa ndi milomo yolendewera, woyenda mokhwekhwereza mapazi, amene pamapeto amaluza zovala zake zonse pa juga. Jungle Jitters wa 1938 ndi wa mudzi wa anthu akuda odya anzawo, mfumukazi yawo ili mzungu.

Africa wa m'makatuni akale amakhala wotero: mkondo, fupa pamutu, mphika waukulu pamoto wodikira mlendo. Ngakhale Jerry mu His Mouse Friday wa 1951 amadzipaka mwaye wa mphika, kumanga fupa pamutu, n'kulamula Tom kuti alowe mumphika. Titaonera limodzi kagawo kameneka mnyamata wanga anandifunsa kuti, "Adadi, kodi anthu amenewa aliko kuti?" Ndinamuyankha kuti ali m'mutu mwa amene anajambula. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ndiye kuti mwana wa ku America akamva kuti iye ndi wa ku Africa aziganiza za mphika. Sindinamutsutse.

Mafilimu a pambuyo pake anathawa vutoli pochotsamo anthu. The Lion King ya 1994 ndimaikonda, imayamba ndi mawu a Chizulu a Lebo M wa ku South Africa, mayina ngati Simba ndi Rafiki ndi a Chiswahili, ndipo poti ndi nthano ya nyama zokhazokha sindidandaula kuti mulibe munthu. Tarzan ya 1999 ndiye ina. Nkhani yonse ikuchitikira mu Africa, anthu alimo, koma wakuda palibe ndi mmodzi yemwe. Mwana wa mfumu wakuda woyamba wa Disney, Tiana, anafika mu 2009, patapita zaka 72 chitulukireni Snow White, ndipo mbali yaikulu ya filimu yakeyo Tiana amakhala ali chule.

Nkhaniyi si ya akuda okha, ndipo apa m'pamene ana anga omwe anagwidwa. Mu Lady and the Tramp ya 1955 muli amphaka awiri achinyengo a maso opendekeka ndi mano otuluka, oimba mopotoza poyerekeza anthu a ku Asia. Mu The Aristocats ya 1970 muli wina woimba piyano ndi timitengo todyera. Peter Pan ya 1953 ili ndi nyimbo yathunthu yoseka eni nthaka a ku America, ojambulidwa ofiira psuu. Tsiku lina m'tauni tikutuluka mu shopu ya munthu wa ku China, ana anga onse awiri anakoka zikope ndi zala n'kuyamba kulira ngati amphaka aja. Sindinawakalipire pamsewu. Titafika kunyumba ndinamufunsa mtsikana uja kuti, "Mwanawe, anzako akamati phuu umamva bwanji?" Anagwetsa nkhope. Ndinati bambo a mu shopu aja nawonso ali ndi mwana, ndipo mwanayo akamuchita zimene mwachita zija amamva chimodzimodzi. Mchimwene wake anafuna kudziteteza kuti ana onse amatero. Amake anamudula: "Ana onse amatinso Bomba."

Ndisanamizire kuti zonse n'zoyera ndi zakuda. Speedy Gonzales, khoswe wa liwiro wa ku Mexico wovala chipewa chachikulu, Cartoon Network inasiya kumuonetsa ku America mu 1999 poopa kuti akunyoza anthu a ku Mexico. Amene anadandaula kwambiri anali anthu olankhula Chisipanishi omwewo, amene ankati khosweyu ndi ngwazi yawo chifukwa amapambana nthawi zonse, ndipo mu 2002 anabwerera. Akhwangwala a mu Dumbo ya 1941 nawonso amagawanitsa anthu. Mtsogoleri wawo pa mapepala a situdiyo ankatchedwa Jim Crow ndipo mawu ake anali a mzungu, Cliff Edwards, pomwe ena anali oimba akuda a kwaya ya Hall Johnson. Komabe m'filimu yonseyo akhwangwalawa ali m'gulu la ochepa amene amamvera chisoni kanjovu kotchedwa Dumbo n'kukathandiza kuuluka. Chimene chimandiwawa ine mu Dumbo ndi china: amuna akuda opanda nkhope okhoma tenti usiku mvula ikugwa, akuimba kuti sanaphunzire kulemba ndi kuwerenga ndipo malipiro awo amangomwaza. Palinso anthu opanda nkhope pamenepo.

Ndiye chimene ndimachita tsopano ndi ichi. Fulashi ikabwera kuchokera kumsika siifika kwa ana tsiku lomwelo. Ndimaisankha ngati mmene amasankhira nyemba asanatereke. Makatuni akale ambiri ndi a mphindi 7 zokha, ndipo ukamathamangitsa ndi rimoti sutenga nthawi. Ndimayang'ana chaka pa mawu oyambirira, chimene kawirikawiri chimalembedwa m'manambala a Chiroma pansi penipeni. Chilichonse cha pakati pa 1930 ndi 1955 ndimachionera mosathamanga. Ndimaima paliponse pamene pali bomba, utsi wa galimoto, matope, inki kapena uvuni, chifukwa nthabwala ija imabisala pamenepo. Mutu wa katuni ukakhala ndi mawu onena za nkhalango, chilumba kapena minda ya thonje, ndimadziwiratu.

Ndikatero ndimagawa patatu. Ambiri alibe vuto, ndipo amenewo ana amaonera okha ndi anzawo. Ena ndi abwino koma ali ndi kagawo kamodzi koipa, ndipo amenewa ndimawaika m'foda ina yoti tizionera ndilipo. Ochepa, ngati awiri ndatchula aja, ndinawachotseratu pa fulashi ya ana. Ndinawasunga pa kompyuta yanga, chifukwa mnyamatayu akadzafika ku sekondale n'kuyamba kuphunzira za ukapolo ndi utsamunda ndidzamuonetsa.

Poonera limodzi sindilalikira. Ndinaona kuti ukayamba ulaliki mwana amangodikira kuti umalize katuni apitirire. Ndimaimitsa chithunzi n'kufunsa funso limodzi: waona chiyani chasintha pankhopepa? Ukuganiza kuti akuyerekeza ndani? Iweyo ukumudziwa munthu wooneka chonchi? Wamng'onoyu ndimangomuuza kuti anajambula ndi anthu akale amene sankadya mbale imodzi ndi anthu akuda, ndiye ankawajambula moseka, ndipo ankalakwitsa. Zimamukwanira. Wamkuluyu amafuna zaka, mayina ndi zifukwa, ndipo ndimamupatsa. Kuseka sindiletsa. Tom akagwa kuchokera padenga tonse timaseka, ndipo luso la ojambula aja, mmene nyimbo imayendera limodzi ndi phazi lililonse, ndi lapamwamba mpaka lero.

Za dzina la Bomba lija ndinayenda khomo ndi khomo pamdadada. Amayi ambiri anamva msanga, poti nkhani ya khungu amaidziwa, mafuta oyeretsa ali mbwee mumsika. Bambo wina anandiseka. "Achimwene, mwayamba kulimbana ndi zidole? Ndi makatuni chabe amenewo." Sindinakangane nawo. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chimene ndinaimitsa, cha maliboni chija. Anachiyang'ana n'kunena kuti, "Aaa, koma azunguwa." Sanapepese, koma mwana wawo anasiya. Dzinalo silinafe tsiku limodzi, linachita kuzilala.

Chinthu chimene sindinkayembekezera chinachokera kwa agogo. Powerenga za Song of the South, filimu ya Disney ya 1946 imene kampaniyo siinaiike pa Disney+ chifukwa imaonetsa moyo wa akuda m'minda ya kumwera ngati wokoma, ndinapeza kuti nthano za Br'er Rabbit zimene zili mmenemo zinachokera kwa akapolo, ndipo mizu yake ili kuno ku Africa. Joel Chandler Harris anazilemba m'buku atazimva kwa anthu akuda a ku Georgia. James Baskett, amene anasewera ngati mkulu wosimba nthanozo, sanakhale nawo pa chionetsero choyamba ku Atlanta chifukwa cha malamulo a tsankho, ngakhale kuti mu 1948 anapatsidwa mphoto yaulemu ya mafilimu ya Oscar. Nthano yotchuka kwambiri mmenemo ndi ya kalulu amene anakanirira pa chidole cha phula atachimenya chifukwa sichinamuyankhe moni. Nditawafotokozera mayi anga anaomba m'manja.

"Ameneyo ndi Kalulu wathu! Uja anakana kukumba nawo chitsime?"

Madzulo amenewo magetsi anali atazima. Anati "Padangokhala," ana n'kuvomera "Tili tonse," ndipo anasimba ya chilala, nyama zonse kukumba chitsime, Kalulu kukana koma n'kumabwera usiku kudzatunga, kupusitsa alonda mmodzimmodzi, mpaka Fulu anadzipaka ulimbo pamsana. Kalulu anamenya ndi dzanja, linakanirira. Anaponda ndi mwendo, unakanirira. Mnyamata wanga anadabwa kumva kuti kalulu wa m'filimu ya ku America ndi wa agogo ake ndi pachibale, ndipo kuti nthanoyo inawoloka nyanja m'mitu ya anthu ogwidwa ukapolo. Kuyambira pamenepo amawaumiriza agogo pa foni kuti asimbe ina, mayunitsi anga n'kumathera pamenepo.

Ndinayambanso kufunafuna makatuni amene ana angadzionemo. Alipo, kungoti kwa obena sapezeka pokhapokha utatchula dzina. Supa Team 4, amene anatuluka pa Netflix mu 2023, anayambitsidwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo ndi nkhani ya atsikana anayi a sukulu opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Mwana wanga wamkazi anaona tsitsi ngati lake ndi khungu ngati lake pa munthu amene akupambana ndewu. Ubongo Kids ndi Akili and Me amapangidwa ku Tanzania ndipo amaphunzitsa masamu ndi kuwerenga. Tinga Tinga Tales anajambulidwa ku Kenya, ndipo ndi nthano za nyama zofanana ndi zathu. Kwa ana okulirapo kuli Iwájú wa 2024, wochitikira ku Lagos.

Amenewanso muziyamba mwaonera nokha. Kirikou, filimu ya 1998 ya Michel Ocelot wa ku France yochokera pa nthano za kumadzulo kwa Africa, nyimbo zake za Youssou N'Dour, ndi yokongola kwambiri ndipo anthu a m'mudzimo anajambulidwa mwaulemu, aliyense ndi nkhope yake. Koma amayi a mmenemo ali mabere pamtunda, kamwanako kali mbulanda, ndipo mfiti yake ikhoza kumulotetsa mwana wamng'ono. Mayi anga anati palibe chachilendo, agogo awo ankavala choncho. Mayi a kunyumba anati pabalaza pawo, ana a eni ake atadzaza pamkeka, ayi. Panopa ili m'foda ya "tilipo", ndipo ana a pamdadada sanaionebe.